Mwana akasankhidwa kupita Fomu 1: zomwe ndaona pa sukulu za boma kuno ku Zomba

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikangotuluka, pa okala yanga ku Chinamwali nkhani imakhala imodzi. Wina wabwera kudzagula shuga woyeza, wina sopo, koma asanalandire chenji amayamba: "Mayi, inu munadutsamo kale, mwana wangayu ndimupititse kuti?" Ndinadutsamodi. Mwana wanga wachisamba, wamwamuna, anaphunzira pa CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera. Mlongo wake anasankhidwa kusukulu yogonera komweko. Mwana wa achemwali anga a kumudzi, cha ku Jali, ndinamupezera pokhala ndine. Ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi, chifukwa pa okala kasitomala wina amakudula pakamwa usanafike penipeni pa nkhani.

Sukulu ya sekondale ya boma kholo silisankha ngati mmene limasankhira ya pulayiveti. Mwana amalemba mayeso a Sitandade 8 otchedwa PSLCE omwe amakonza ndi a bungwe la mayeso la MANEB, amene likulu lawo lili konkuno ku Zomba, ndipo akachonga, Unduna wa Zamaphunziro ndi umene umagawa ana m'sukulu potengera mmene akhozera. Kukhoza ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ana okhoza amakhala ambiri, malo a Fomu 1 ndi ochepa, choncho pali ana amene dzina lawo limatuluka kuti akhoza koma pambali pake palibe dzina la sukulu.

Amene aposa anzawo m'dziko lonse amapita kusukulu zomwe timati za nashonolo. Zina ndi za boma lenilenilo, monga Blantyre Secondary, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government. Zina ndi za mipingo, koma boma limathandizako ndipo limatumizako ana. Kuno kwathu za mtundu umenewu ndi Zomba Catholic, imene aliyense amangoti Box 2 ndipo inatsegulidwa mu 1942, St Mary's ya atsikana, ndi Malosa ya mpingo wa Anglican. Otsatira awo amagawidwa m'sukulu za m'boma lathu lino, zogonera kapena zoyendera, ndipo apa ndi pamene pamamveka mayina monga Masongola, Mulunguzi ndi Likangala. Gulu lalikulu kwambiri limapita ku ma CDSS, sukulu zoyendera za m'madera.

A msinkhu wanga akukumbukira kuti ma CDSS ambiri akale anali malo a MCDE, kumene ana osasankhidwa ankaphunzira ndi mabuku otumizidwa. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anachuluka, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa malo amenewa kukhala sukulu za sekondale zenizeni. Masiku oyambawo aphunzitsi ambiri anali otengedwa ku pulayimale. Mbiri yoti "kumeneko nkwa otsala" inachokera pamenepo, ndipo makolo ambiri tikuisungabe ngakhale pa sukulu zina zinthu zinasintha kalekale. Lero mupezako aphunzitsi ochokera ku Domasi College of Education ndi ku Chancellor. Si paliponse, nchifukwa chake muyenera kupita nokha kukaona.

Chinthu chimene makolo ambiri amachizindikira mochedwa nchakuti CDSS imatenga ana kuchokera kusukulu za pulayimale zoizungulira. Kumene mwana walembera Sitandade 8 ndi kumene kumalozera CDSS yomwe angapite. Choncho ngati mukufuna kusankha, nthawi yake ndi pamene mwana ali Sitandade 6 kapena 7. Funsani ahedi a pulayimale, kapena a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ku ofesi yawo ya TDC ya zoni yanu, kuti ana a sukulu imeneyi amakonda kupita kuti. Amadziwa, ndipo mndandanda wa chaka chatha amakhala nawo. Ena amasamutsira mwana kumudzi poganiza kuti kumeneko mpikisano ndi wochepa. Chabwino, koma dziwani kuti akasankhidwa pa CDSS ya kumudziko, zaka zinayi azikakhala komweko. Muli ndi womusunga?

Wachisamba wanga atasankhidwa pa CDSS, pakhomo panada. Bambo ake anali atauza kale anzawo kuntchito kuti mnyamatayu ngwa ku Box 2. Madzulo ake anangoti, "Mayi, ameneyu abwereze. Mutu ali nawo, wangochita ulesi." Atsibweni ake, achimwene anga, atamva anabwera Loweruka nkukhala pakhonde. Anafunsa funso limodzi lokha: "Alamu, mwanayu ali ndi zaka zingati?" Anali ndi zaka 15. Akabwereza, Fomu 1 akanayamba ali ndi 16, ndipo palibe amene akanalonjeza kuti ulendo wachiwiriwo zikayenda bwino.

Kubwereza sindikutsutsa konse. Ndaona mwana wa zaka 12 amene anadwala nthawi ya mayeso, atabwereza anapita ku St Mary's. Koma ndaonanso wa pafupi nafe amene anabwereza nkusankhidwanso pa CDSS yomweyo, ndi wina amene chaka chachiwiricho dzina lake silinatuluke nkomwe pa osankhidwa. Mwana wamkulu akakhala m'kalasi ndi ang'ono ake amachita manyazi, amayamba kujomba. Ndiye onani msinkhu wake, onani chifukwa chimene sanakhozere bwino, ndipo mumufunse iye mwini. Palinso amene amasintha dzina la mwana pomulembetsa kachiwiri. Musayese. Dzina lomwe lalowa ku MANEB ndi lomwe lidzatuluke pa satifiketi ya Fomu 4, ndipo likadzasiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, mudzayenda maofesi mpaka nsapato kutha.

Tinagwirizana kuti ndiyambe ndakaona sukuluyo tisanagamule. Ndinapita tsiku la pakati pa sabata, m'mawa, osauza munthu. Mukapita tsiku la msonkhano wa makolo mupeza pasesedwa, ana avala bwino, aphunzitsi onse alipo, ndipo simuphunzirapo kanthu. Ine ndinafika belu la piriyodi yachiwiri litangolira. Ndinayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa makalasi, ndikumvetsera kuti ndi kalasi iti muli mphunzitsi, ndi iti muli phokoso la ana okhaokha. Mwa makalasi anayi, atatu munali aphunzitsi.

Ahedi anandilandira bwino. Sindinawafunse kuti sukulu yanu ndi yabwino kapena ayi, chifukwa palibe hedi amene anganene kuti yake ndi yoipa. Ndinawafunsa kuti masamu amaphunzitsa ndani, nanga bayoloje, fizikisi ndi kemisitiri. Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse. Pali ma CDSS amene maphunziro ena a sayansi saphunzitsa chifukwa alibe mphunzitsi kapena zipangizo, ndipo mwana amene amalota unamwino kapena zamagetsi amadzazindikira ali Fomu 3 kuti njira inatsekeka kale. Anandionetsa ndandanda ya maphunziro yomwe inamatidwa kukhoma mu ofesi ya aphunzitsi, dzina la mphunzitsi pa phunziro lililonse. Labotale yeniyeni analibe. Anali ndi kabati yokhoma, m'kati muli timabotolo ta mankhwala, magalasi oyezera ndi maikulosikopu imodzi, ndipo anandiuza kuti mayeso a pamanja akayandikira amapita ndi ana a Fomu 4 kusukulu ina yapafupi kukayeserera. Sanabise, ndipo ine ndinawakhulupirira chifukwa cha chimenecho.

Potuluka ndinakumana ndi mtsikana wa Fomu 3 pa mjigo. Ndinamupempha kuti andionetse kope lake la masamu. Anaseka kaye, kenako anatulutsa m'chikwama. Ndinatsegula kuyambira kumapeto. Tsamba lililonse lachiwiri kapena lachitatu linali ndi cholembera chofiira, deti pambali, ndipo pena mphunzitsi analemba yekha njira yolondola pansi pa samu yolakwika. Ine masamu a Fomu 3 sindiwadziwa, koma kope lochongedwa ndimalidziwa. Mungachite chimodzimodzi pa sukulu iliyonse, ngakhale simunapite patali ndi sukulu.

Za zotsatira za MSCE, mayeso a Fomu 4, musakhutire akakuuzani kuti "chaka chatha tinakhoza bwino." Funsani kuti analemba angati, anakhoza angati, ndipo ndi angati anapeza makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, chifukwa kuyunivesite za boma amayambira pamenepo. Sukulu ina imatchuka ndi mwana mmodzi amene anapeza mapointi ochepa, pamene anzake ambiri anagwa.

Mnyamata wanga uja anapita ku CDSS ija. Vuto lomwe tinakumana nalo silinali la m'kalasi ayi, linali la pamsewu. Sukuluyo inali pa mtunda woti kuyenda pansi amafika atatopa, ndipo kabaza tsiku ndi tsiku, kupita ndi kubwera, pakutha pa teremu ndalama yake imaposa zonse zomwe mwalipira kusukulu. Tinatenga ngongole ku banki m'khonde nkumugulira njinga yogwiritsidwapo kale ntchito. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ya kuno ku Zomba mukuidziwa. Timitsinje totsika m'phiri timadzaza mwadzidzidzi, ndipo mtsinje wa Likangala ukakwiya sawoloka munthu. Poyesa mtunda wa sukulu musayese ndi mwezi wa Seputembala pamene kuli fumbi. Dzifunseni kuti mu Febuluwale mwana adzadutsa pati. Amene ali kuseri kwa phiri ku Chingale kapena kumunsi cha ku nyanja ya Chilwa akudziwa zimene ndikunena, makamaka atadutsa mu namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene milatho inakokoloka ndipo sukulu zinatsekedwa.

Anamaliza Fomu 4 nkukhoza. Ku yunivesite sanapite. Anapita kukoleji ya ntchito zamanja kukaphunzira zamagetsi, ndipo mawaya a m'nyumba mwathu muno anaika ndi iyeyo. Bambo ake za Box 2 sazitchulanso.

Nkhani ya mtunda yomweyi ndi imene imabala chinthu chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, chimene ana amati selefu. Mwana wa achemwali anga anasankhidwa pa CDSS yomwe inali kutali ndi mudzi wawo, ndipo njinga panalibe. Anzake anamuuza kuti pa tiledingi senta pali zipinda za lendi, atsikana amasonkherana nkumadziphikira okha. Achemwali anavomera chifukwa lendi yake inali yotsika. Ine ndinati ndikaone kaye.

Ndinasankha tsiku la msika, madzulo. Chipindacho chinali kuseri kwa golosale. Atsikana anayi, mphasa ziwiri, mbaula pakona, matumba a ufa atatsamira khoma. Chitseko chinalibe loko, ankangopinda msomali. Bafa linali la udzu, logwiritsa ntchito anthu onse a pamalopo, ndipo pafupi pomwepo panali malo oonetsera kanema ndi pogulitsira mowa, nyimbo zili pamwamba. Ndinafunsa mmodzi wa atsikanawo kuti ufa ukatha pakati pa mwezi amatani. Anayang'ana pansi osayankha. Ndani pamenepo amene angadziwe kuti mwana wagona m'nyumba kapena ayi? Palibe matironi, palibe kholo, ndipo mwini nyumba amangofuna lendi yake. Atsikana ambiri amene amasiya sukulu ali Fomu 2 ndi mimba, mukafufuza mupeza nkhani inayambira m'zipinda zoterezi, kawirikawiri chifukwa cha njala ndi sopo, osati chifukwa choti mwanayo ndi wopulupudza.

Sindinamusiye pamenepo. M'mawa mwake ndinapita kwa ahedi, ndipo iwo ananditumiza kwa amayi a gulu loyang'anira atsikana pa sukulupo. Amenewo ndi amene anandilozera kwa mayi wina wachikulire wa Mvano, wamasiye, amene ankasunga atsikana awiri m'nyumba mwake momwe. Ndinawauza kuti, "Amayi, mwanayu ndi wanu. Akachedwa kubwera mundiimbire, ufa ukatsala pang'ono mundiimbirenso." Ndalama yake inali yokwererapo pang'ono, ndipo ndinkaonjezera ndine. Ngati palibe njira ina koma selefu, pezani nyumba yomwe muli munthu wamkulu wogona momwemo, tengani nambala yake, ndipo ufa ndi ndiwo muzitumiza tsiku lodziwika, osadikira kuti mwana apemphe. Ma CDSS ena ali ndi hositelo ya atsikana, ndiye funsani msanga chifukwa malo ake sachedwa kudzaza.

Mtsikana wanga atasankhidwa kusukulu yogonera komweko, tinavina. Kenako inabwera kalata ya zofunika. Thiranki, matiresi, bulangete, neti ya udzudzu, ndowa, mbale ndi kapu, yunifolomu, nsapato zakuda, tsache, khasu, mapepala, makope. Pamwamba pake ndalama ya chakudya ndi malo ogona, thiransipoti, ndi kam'thumba. Ambiri tinamva mu 2018 kuti boma lachotsa fizi ya maphunziro m'sekondale zake, ndipo ena anayesa kuti basi zonse zatha. Ya kogona ndi chakudya sinali m'gulu limenelo, ndipo imeneyo ndiyo yaikulu. Zolipira zimasinthasintha, choncho tsatirani zomwe zalembedwa m'kalata ya sukulu chaka chimenecho, ndipo chilichonse chomwe mwalipira mutenge lisiti.

Teremu yoyamba siivuta kwenikweni. Imayamba anthu atagulitsa nandolo ndi chimanga, achibale ali ndi chimwemwe, atsibweni agula thiranki, azakhali agula bulangete. Yoopsa ndi yachiwiri, ya mu Januwale. Khirisimasi yadya ndalama, feteleza akufunika kumunda, chimanga chakwera pamsika, ndipo pa okala anthu akungotenga pangongole. Ana ambiri amene amabwezedwa kapena kuchedwa kubwerera kusukulu ndi nthawi imeneyi. Ine ndinkayamba kusunga ya Januwale tsiku lomwe ndalipira ya Seputembala, ndipo magawo anga a ku banki m'khonde ndinkawasungira zimenezo. Katapila musamuyandikire pa nkhani ya fizi, chifukwa fizi imabweranso pakatha miyezi itatu ngongole ija isanathe.

Kusukulu yogonerako chakudya ndi nsima ya mgaiwa ndi nyemba, nthawi zina zofumbwa, nyama mwa apo ndi apo. Mwana sangafe nazo, koma mumupatseko chiponde, shuga ndi ufa wa phala. Chomwe muyenera kufunsitsa ndi za kuzunza ana a Fomu 1. Wanga teremu yoyamba anabwera ndowa ndi bulangete palibe, ndipo ananena kuti zinasowa. Patapita nthawi ndi pamene anaulula kuti anatenga a Fomu 3, ndipo ankawachapiranso zovala. Ndinapita kukaonana ndi matironi mwakachetechete, osatchula mayina pagulu, ndipo anamusamutsa chipinda. Pa tsiku loyendera ana musangosiya kamba nkumapita. Khalani naye pansi pa mtengo, mumuone m'maso, muone ngati waonda, mufunse amene amagona naye pafupi. Mtsikana wangayu analemba mayeso a JCE ali Fomu 2, chifukwa mayesowa anabwereranso mu 2021, pamene mchimwene wake sanalembe poti nthawi yake anali atachotsedwa.

Tsopano za amene sanakhutire, kapena amene mwana wawo sanasankhidwe. Sukulu zikatsegulidwa, malo a ana amene sanabwere amawerengedwa ndipo unduna umatulutsa mndandanda wachiwiri. Ana ena amapezadi mwayi pamenepo. Koma ngati mwana ali kale ndi malo, apite akayambe, asakhale pakhomo kudikira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mwana akapanda kufika m'masabata oyamba, malo ake ndi amene amapatsidwa kwa wina.

Thiransifa imatheka, koma ili ndi njira yake. Imayambira kwa ahedi, ndipo imadutsa ku ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kummwera chakummawa, SEED, yomwe ili konkuno ku Zomba ndipo imayang'aniranso Machinga, Balaka ndi Mangochi. Pamafunika chifukwa chomveka, monga kusamuka kwa makolo kapena matenda, komanso kuti kumene mukufunako kukhale malo. Mnzanga wina atapita anauzidwa kuti kusamutsa kumakhala pakati pa sukulu za mulingo umodzi, si njira yochotsera mwana pa CDSS kupita naye ku nashonolo. Nyengo imeneyi kumatulukanso anthu ovala bwino amene amati amadziwana ndi akuluakulu ndipo angakupezereni malo ku boding'i mukawapatsa kenakake. Mayi wina wa kumpingo kwathu anagulitsa mbuzi ziwiri nkutumiza ndalama pa foni. Anapatsidwa kalata yokhala ndi chidindo, anagula thiranki, anakwera minibasi ndi mwana, ndipo atafika dzina la mwanayo silinapezeke m'kaundula. Nambala ija inali itazimitsidwa. Malo enieni amaoneka pa mndandanda womwe uli kusukulu, ndiye musanagule ngakhale supuni, pitani kapena imbani kusukuluko mumve kuti dzina lilipo.

Sukulu za mipingo zija zimakhalanso ndi gawo la malo amene mpingo umadzaza wokha, kawirikawiri kudzera m'mayeso olowera. Zimalengezedwa m'matchalitchi, choncho tcherani khutu kapena funsani ku parishi. Konzekerani kuti ndalama zake ndi zokwera kuposa za sukulu za boma.

Kwa amene sanasankhidwe konse kuli open. Ana amenewa amaphunzira masana pa sukulu ya boma yomweyo, anzawo akaweruka, ndipo amalipira. Mayeso a MANEB amalemba omwewo, satifiketi ndi yomweyo. Kuipa kwake nkwakuti aphunzitsi amakhala atatopa, maola ndi ochepa, makalasi ndi odzaza, ndipo m'mawa wonse mwana ali pakhomo kapena pamsika. Imamuyenera mwana wodziletsa, amene mungamupatse ntchito yowerenga m'mawa nkuichitadi. Komabe pakati pa open ya pa sukulu yokhazikika ndi pulayiveti ya m'nyumba yogona yomwe yangopakidwa penti mwezi watha, ine ndingasankhe open. Ngati mwasankha pulayiveti, funsani ngati inalembetsedwa ku unduna ndiponso kumene ana ake amalembera mayeso.

Amene ndalama zavuta musabise mwana m'nyumba. Kuli thandizo la fizi lodzera ku khonsolo ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, komanso lochokera ku thumba la chitukuko cha dera la CDF. Silikwanira onse ndipo limachedwa, koma amene amathandizidwa ndi amene dzina lawo linalembedwa msanga. Uzani ahedi sabata yoyamba, uzani amfumu ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo mwana apitirize kupita kusukulu pamene mukuyendetsa mapepala.

Mzime wanga ali Sitandade 7. Ndafunsa kale ahedi ake kumene ana a sukulu yawo anapita chaka chatha, ndipo ma CDSS awiri amene anatchula ndawayendera onse. Imodzi ili ndi mphunzitsi wa fizikisi koma njira yake imadutsa pamtsinje. Inayo ili pafupi ndi msewu wa tala koma kemisitiri saphunzitsa. Bambo ake ayambanso kutchula za St Mary's, ndipo ine sindikuwaletsa, mwina mwanayo adzawasangalatsa. Njinga ya mchimwene wake ija tayikonzetsa, yangotsala matayala.